Kodi Kungoyang'ana N'kutaya Nthawi?

Mvula yoyamba ikagwa, dziko lonse limadzuka. Ngumbi zimatuluka m'zulu, anamzeze amazungulira mlengalenga, ndipo usiku agulugufe amaunjikana pa nyali. Ambiri a ife timathamangira beseni kapena legeni, pakuti ngumbi ndi ndiwo, mbalamenso ndi ndiwo. Palibe choipa pamenepa. Koma tikapeza munthu wamkulu atakhala phee, akupenyetsetsa kachirombo kosadyedwa ndi kosagulitsika, timamuyesa mlesi. Kodi chiweruzo chathuchi n'cholungama?

Tiyeni tione zimene anthu otere atipatsa. M'chaka cha 1911, munthu wina wa ku Staffordshire, m'dziko la England, anaveka namzeze kamphete kumwendo. Mu Disembala 1912 mbalame yomweyo inapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa. Motero zinadziwika kuti kambalame kochepa kamatha kuoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara. Ena mwa anamzeze ouluka pamwamba pa minda yathu ndi alendo ochokera kutali chomwecho.

Ku Krefeld, m'dziko la Germany, kagulu ka anthu okonda tizirombo kanakhala kakutchera ndi kupima tizirombo touluka kuyambira 1989, zaka 27 osatopa. Mu 2017 kaundula wao anaonetsa kuti kulemera kwa tizirombo togwidwa m'malo otetezedwa kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100 alionse. Tsoka lotere limabwera mwakachetechete; analiona okhawo amene anazolowera kuyang'ana. Pajatu tizirombo tambiri touluka ndito tibereketsa maungu, mango ndi mbewu zina.

Komabe tisaganize kuti phindu ndilo lokha likuyeretsa ntchitoyi. Anthu aja sanayambe chifukwa cha phindu. Anayamba chifukwa cha chidwi, phindu linachita kuwatsata. Mtima umene uli wonse umafunsa kuti "ndipezapo chiyani" sukhalira kufunsa chimodzimodzi za nkhalamba, za wodwala ndi za mwana wamasiye. Koma wophunzira kulemekeza cholengedwa chimene sichimpatsa kanthu wayamba kale kuphunzira kulemekeza munthu amene sangambwezere kanthu.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono makolo, madzulo ano mwana akaima pa nyali, musafulumire kumuthamangitsa. Khalani naye, muwerenge pamodzi mitundu ya agulugufe, mumuuze maina amene agogo anakuphunzitsani. Dzina likaiwalika, mwini dzina amatha popanda womlira.