Khumi wa Azakhali

Azakhali anga ali ndi vitiligo, nthenda imene imayeretsa khungu mawangamawanga. Inayambira m'zala, tsopano yafika kukamwa. Madokotala amati chitetezo cha m'thupi chimaononga timaselo topanga melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu lathuli. Si khate ayi, ndipo siipatsirana.

M'laibulale ndinapeza mafunso amene Elizabeth Broadbent ndi anzake anasindikiza mu 2006, oyezera m'mene wodwala amaganizira za matenda ake. Mafunso 8 amayankhidwa ndi nambala, kuyambira 0 kulekeza 10. Lotsiriza limapempha wodwala kutchula zinthu 3 zimene zinayambitsa nthendayo. Patchuthi ndinapita nawo kumudzi, ndili nyang'wa ngati dokotala.

"Azakhali, matenda anuwa mumawamvetsa kufika pati?"

"Lemba 10," anatero osaleka kusola chimanga. "Anandilodza chifukwa cha dimba lija. Ziwiri zinazo usavutike nazo."

Usiku ndinadzifunsa funso lomwelo, nkudzipatsa 5. Za melanin ndimazidziwa, koma sindingafotokoze chifukwa chimene nthendayi inagwirira iwo nkusiya bambo anga, a bere limodzi. Tsono pa pepala, wosaphunzira wamuposa wa ku yunivesite. Kodi sikelo yanama?

Ine ndikuti siinaname, koma yayeza china. Yayeza kukhazikika kwa mtima, osati choonadi. Munthu amene nkhope yake ikusintha anthu akuona sangadikire kuti asayansi amalize kafukufuku. Afunika yankho loti agone nalo tulo. Ndilibe mphamvu yowaseka. Komabe sindingawavomereze, pakuti 10 ameneyu wadya mbuzi ziwiri kwa sing'anga, ndipo mayi wina wosalakwa wa kutsidya kwa dimba sapatsidwanso moni. Ndikawachotsera ufitiwo ndiwapatsa chiyani m'malo mwake? Kasanu kanga kokayikaka?

Pali chinanso. Azakhali amadziwa amene amasamba m'manja mwamsanga akagwirana nawo chanza, ndi amene amati akhuta pamaliro akaona kuti mbale ndi imodzi. Mbali imeneyi ya nthendayi amaimvetsa kuposa ine ndi mabuku anga, ndipo nambala siingainyamule. Mwina pepala likadayenera kupita kwa okhutawo.

M'mawa anandifunsa ngati akhoza mayeso anga. Ndinati akhoza. Pepalalo anayatsira moto wa phala.