Mapanga Awiri Avumbwitsa

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: wothawa mvula akamathamangira phanga ili, kenako ilo, amanyowa ali pakati. Mayi wogwirira ntchito kunyumba amaudziwa bwino mwambiwu. Laputopu ili patebulo, msonkhano wa pa Zoom wayamba, mwana akukoka chitenje kufuna phala, ndiwo zikupserera pambaula. Mapeto ake abwana sanamve zimene mayiyo wanena, mwananso sanakhute.

Ine ndimaona kuti nthawi iyenera kugawidwa mwadala. Malipoti ovuta alembedwe m'mamawa, ana asanadzuke, magetsi akadalipo. Ana akaweruka kusukulu, foni itsale kuchipinda. Abambo nawonso asamangoonerera; kusambitsa mwana madzulo ndi ntchito yawonso, makamaka tsiku limene amayi atanganidwa ndi misonkhano.