Kuchedwa Kuwiri

Kodi mlandu wa kuchedwa uli pa njira kapena pa mtima?

Nyengo ya masika ndinanyamuka ku Nguludi kukaona akulu anga odwala ku Harare. Tinapyola Limbe, Mwanza ndi Zobue, ndipo titaoloka Zambezi pa ulalo wa ku Tete, basi inafa pathengo. Tinagona pomwepo masiku awiri, madzi atatha, ana alikulira. Wong'ung'udza koposa onse ndinali ine.

Pamenepo agogo ena anandifunsa, nati, "Aphunzitsi, abale anuwo munaonana nawo liti?" Nditawerenga, zinakwana zaka 7. Manyazi anandigwira, pakuti chaka ndi chaka ndinkati ndidzapita tikakolola, ndipo tsopano ndinalikukwiyira masiku awiri okha.

Taonani, kuchedwa kuli kuwiri. Kwina kumatigwera panjira. Makolo athu opita ku Salisbury anayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi pa bwato, popeza ulalowo unatha m'chaka cha 1973; komabe anafika. Kuchedwa kotere kulibe tchimo, kungofuna chipiriro. Kwina kumabadwa mumtima, ndiko kunena "mawa". Timadzitonthoza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Indetu sichiola, koma mbale mwiniyo amakalamba.

Akulu anga ndinawapeza ali moyo, koma atachita khungu. Anandizindikira ndi mawu okha. Chimene chinawamana nkhope yanga si basi ija ai.

Tsono inu amene muli ndi mbale kutali, werengani zaka zanu lero.