Zakumtundu si chigamulo

"Kwathu n'zakumtundu. Bambo anagwa ndi mtima, amalume chimodzimodzi." Munthu akatero amapinda manja, n'kumadikira tsiku lake. Ayi, abale anga, tambasulani manjawo! Zoona, pali zomwe munayamwira kwa makolo, koma mbali yaikulu ya nkhaniyi ili kwa inu.

M'magazi mwanu muli tizigawo ting'onoting'ono totchedwa mapulateleti. Timapangidwa m'kati mwa mafupa ndipo timakhala masiku 7 mpaka 10 basi. Mpeni ukakutemani posenda chinangwa, ndi timeneti timathamangira pabalapo n'kumatirirana mpaka magazi atasiya kutuluka. Kuchuluka kwake, kukula kwake ndi changu chake pomatirira zimatsatirako majini a makolo. Ena anabadwa ndi mapulateleti apsontho, osachedwa kuunjikana.

Komatu mapulateleti sayamba okha ndewu. Mafuta a kolesterol amalowa m'khoma la mtsempha wa magazi, asilikali a thupi n'kuwathira nkhondo, khomalo n'kumatupa mwakachetechete kwa zaka zambiri mwini wake akungoyenda bwinobwino. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika. Mapulateleti amaona bala, amakhamukirapo, magazi amaundana, njira yatsekeka. Ukakhala mtsempha wa mtima, munthu amagwira pachifuwa n'kugwa. Ukakhala wa mu ubongo, ndiye sitiroko.

Mu 1999, Russell Ross wa ku Seattle analemba mosabisa kuti kuwonongeka kwa mitsemphaku ndi nthenda ya kutupa. Umboni wamphamvu unadza mu 2017 ndi kafukufuku wa CANTOS, yemwe anatsogoleredwa ndi Paul Ridker wa ku Boston. Mwa anthu 10,061 omwe anadwalapo kale mtima, ena anabayidwa canakinumab, mankhwala oziziritsa kutupa osakhudza kolesterol n'komwe, ndipo pa mlingo wa 150 mg ngozi inatsika ndi 15 pa 100. Kutupa kumagonja, ndiye mfundo yake.

Nanga majini aja? Mu 2016, Amit Khera ndi Sekar Kathiresan anaunika anthu oposa 55,000. Pakati pa omwe majini awo anali oopsa kwambiri, amene ankasunga zinthu zitatu mwa zinayi izi, kusasuta, kusanenepa mopyola muyezo, kulimbitsa thupi ngakhale kamodzi pa sabata, ndi kudya moyenera, chiopsezo chawo chinali chotsika ndi 46 pa 100 poyerekeza ndi otayirira. Kamodzi pa sabata! Ndani angati alibe mpata?

Ndiye tayani nduduyo lero, osati pa Januwale. Utsi wa fodya umapsereza khoma la mtsempha komanso umapsetsa mtima mapulateleti, nkhonya ziwiri nthawi imodzi. Amayi ophika pa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, tulutsani mafuwa panja. Chepetsani mchere wothira pambale musanalawe n'komwe. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa chabe, lamba pamkono, psii, basi mwadziwa.

Inu amene muli pa ma ARV, musaphonye ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kachilombo kosagonjetsedwa kamakolezera kutupa. Mu 2023, kafukufuku wa REPRIEVE anaonetsa kuti mwa anthu omwe ali ndi HIV, mankhwala a pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi 35 pa 100. Kafunseni adokotala ngati mankhwala a mtundu umenewu angakuyenereni.

Koma asipulini, ngakhale amaletsa mapulateleti kumatirirana, musamangogula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa mnansi wanena. Amatha kuchititsa magazi kutayika m'mimba. Pitani kuchipatala sabata ino, mukawauze adokotala amene anadwala mtima kwanu ndi zaka zomwe anali nazo, ndipo mutenge mchemwali kapena mchimwene wanu akayezetse limodzi nanu.