Kodi Mmisiri Aphunzire kwa Chiswe?

Mumzinda wa Harare muli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi, dzina lake Eastgate, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1996. Mmisiri wake, Mick Pearce, anakana makina aakulu oziziritsa mpweya, natengera nzeru ku chulu. Usiku mphepo yozizira imakokeredwa m'mphako za m'kati mwa konkire. Konkireyo nasunga kuzizirako, ndipo masana mpweya wotentha umatulukira pa machumuni a padenga. Pambuyo pake ku Melbourne, m'chaka cha 2006, anaveka nyumba ina matabwa otseguka ndi kutsekeka potsata dzuwa.

Tsono kodi n'kudzinyoza kuti munthu wa maphunziro agwadire kachirombo kogwetsa nkhokwe? Alipo oyesa kuti zolengedwa n'zongodya kapena kupha basi. Iwowa alakwa, pakuti chiswe chinayamba kumanga munthu asanaumbe njerwa.

Koma funso lovuta koposa ndi lina. M'chaka cha 2008 Scott Turner ndi Rupert Soar anaonetsa kuti chulu sichigwira ntchito monga amisiri ankaganizira. Ntchito yake yaikulu si kuziziritsa ayi, koma kupuma, monga achitira mapapu. Nanga Pearce ayamikidwe kapena adzudzulidwe? Nyumba yake inathandiza anthu ndithu, ngakhale phunzirolo analimva mwa theka. Kulakwa kukadakhalapo amisiri akadati chulu achidziwa kale, naleka kuchifunsa. Awiriwo anabwerera kuchulu, napempha amisiri aganizire makoma olola mpweya kulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, m'malo mwa makoma otsekereza.