Kampanda wa Padenga ndi Foni Yotchipa

Ku Britain foni ya m'nyumba yoyenda pa waya wamkuwa ikutha. Kampani ya BT inalengeza kuti netiweki yakaleyo idzatsekedwa mu Disembala 2025, kenako mu 2024 inasuntha tsikulo kufika kumapeto kwa Januwale 2027. Amene akufunabe foni ya patebulo tsopano amailumikiza ku router, ndipo mawu ake amayenda pa intaneti monga uthenga wina uliwonse. Makampani ogulitsa mafoni otere ndi ambiri, ndipo ena mitengo yawo ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya kale. Banja la Amalawi lokhala ku Manchester, lomwe ndalama iliyonse yotsala pamwezi ili kale ndi eni ake kumudzi, silingachedwe kuloza mtengo wa pansi penipeni. Ambiri angati imeneyi ndi nkhani ya masamu chabe, yosafuna mbusa kapena shehe. Ine ndikuti muli nkhani ya chikumbumtima. Kusunga ndalama ndi khalidwe labwino pamene wosungayo ndiye amasenza zotsatira zake. Zikamagwera munthu wina amene sanafunsidwe, kusungako kwasanduka chinthu china, ndipo foni ya m'nyumba ndi malo amodzi pamene kusandukaku kumachitika popanda wina kuzindikira.

Tiyambe ndi chimene chimatsitsa mtengowo. Mbali yaikulu ya kutchipaku ndi yoona, ilibe chinyengo. Mawu a munthu amadya intaneti yochepa kwambiri, ndipo banja limene limalipira kale intaneti silikufunika kulipiranso makina apadera oyendetsa mawu okha. Koma waya wakale uja unkanyamula zinthu zina ziwiri zimene sizinkalembedwa pa bilu. Choyamba ndi magetsi. Malo olumikizira mafoni ankatumiza mphamvu ya mavolti pafupifupi 50 kudzera m'waya womwewo, ndipo kumeneko kunali mabatire akuluakulu ndi majenereta, kotero kuti magetsi akathima m'dera, foni wamba ya chingwe inkagwirabe ntchito. Chachiwiri ndi adiresi. Waya unkathera pa khomo limodzi, ndipo munthu akaimba nambala yangozi ya 999, wolandira foni ankadziwa khomolo ngakhale woimbayo atalephera kutulutsa mawu. Foni ya pa intaneti imathima limodzi ndi router, ndipo popeza kabokosi kake kangathe kunyamulidwa kupita ku nyumba ina, adiresi imene opereka thandizo amaona ndi imene mwini wake analembetsa. Akasamuka osasintha, ambulansi ingapite ku nyumba yakale. Ntchito ziwirizi sizinathe. Zangochoka m'manja mwa kampani n'kulowa m'manja mwa mwini nyumba, ndipo nthawi zambiri iye sadziwa kuti wazilandira.

Umboni wake ulipo, ndipo si wongoganizira. Mu February 2005 mumzinda wa Houston ku America, akuba analowa m'nyumba ina n'kuwombera bambo ndi mayi. Mwana wawo wamkazi anaimba nambala yangozi ya 911 pa foni ya pa intaneti ya kampani ya Vonage, koma anangomva uthenga wojambulidwa wakuti nambalayo siikupezeka pa foniyo, mpaka anathamangira kwa oyandikana nawo. Boma la Texas linasumira kampaniyo kuti siinafotokozere makasitomala momveka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho bungwe la FCC, loyang'anira mafoni ku America, linalamula kuti makampani a mafoni otere azilumikiza makasitomala awo ku 911. Ku Britain phunziro linadza ndi namondwe wotchedwa Arwen kumapeto kwa Novembala 2021. Nyumba pafupifupi miliyoni imodzi zinakhala mumdima, zina kupitirira sabata yathunthu, ndipo anthu amene anali atasamutsidwira kale ku foni ya pa intaneti anapeza kuti alibe poimbira. Mu Malichi 2022 BT inapepesa n'kuyamba yaimitsa ntchito yosamutsa anthu. Kenako kunabwera nkhani ya tizipangizo timene okalamba ndi odwala amavala m'khosi kapena pamkono, toti akagwa angodina batani thandizo libwere. Tambiri tinapangidwira waya wakale, ndipo tina tinaleka kugwira ntchito foni itasinthidwa. Mu Disembala 2023 boma linaitana makampani akuluakulu kuti asaine lonjezo lakuti sadzasamutsa mokakamiza munthu wodalira kachipangizo kotere asanatsimikize kuti kazigwirabe ntchito. Pa nkhani zitatuzi, amene foni inawagwiritsa mwala kwambiri anali mwana, wodwala ndi nkhalamba, anthu amene kawirikawiri sakhala pa kompyuta kuyerekeza mitengo.

Buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, lili ndi lamulo limene limaoneka laling'ono pakati pa malamulo ena. Limalamula womanga nyumba yatsopano kuti aike kampanda kuzungulira denga, kuopa kuti wina angagwe, mlandu wa magazi n'kukhala pa nyumbayo. Madenga a ku Israyeli wakale anali afulati, ndipo anthu ankayanikapo mbewu, kuchezapo ndi kugonapo nyengo yotentha. Chochititsa chidwi n'chakuti lamuloli silinaikidwe chifukwa cha womangayo. Iye amadziwa pamene denga lake lathera, ndipo angayendepo usiku osaphonya phazi. Kampanda ndi wa mlendo, wa mwana woyamba kuyenda, wa gogo amene maso ayamba kuchita mdima. Ndiponso mlanduwo sukudikira kuti mwini nyumba akankhe munthu. Kungosiya kumanga chimene akanatha kumanga n'kokwanira. Maimonides, mphunzitsi wachiyuda amene anamwalira mu 1204, anaona kuti lamuloli silikunena za madenga okha, ndipo analiwerengera pa chitsime chosavundikira ndi pa choopsa chilichonse chimene munthu angachotse pamalo pake. Ndikuona kuti foni ya m'nyumba ikulowa mumzere womwewo. Foni ya m'manja ndi ya munthu mmodzi, ili ndi nambala yachinsinsi ndipo imayenda naye ku ntchito. Ya m'nyumba ndi ya aliyense amene watsala pakhomo. Wosankha foni imeneyi akusankhira anthu ena, choncho muyezo wake suyenera kukhala iye mwini pa tsiku labwino, koma wofooka kwambiri wa m'nyumbamo pa usiku woipa kwambiri.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani zakale, popeza masiku ano aliyense ali ndi foni m'thumba. Kwa mabanja ambiri zimenezi n'zoona, ndipo kwa iwo nkhaniyi ndi yopepuka. Koma nsanja za mafoni a m'manja nazonso zimadya magetsi, ndipo pa nthawi ya Arwen zambiri zinathima mabatire ake atatha. Midzi ina ya ku Scotland ndi kumpoto kwa England netiweki ndi yovuta ngakhale kunja kuli bwino. WhatsApp, imene ambiri timaidalira polankhula ndi abale, siimba nambala zangozi, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera. Komanso foni ya m'thumba imatuluka ndi mwini thumba. Mayi akapita ku ntchito ya usiku, foni yake yapita naye, ndipo kunyumba kwatsala agogo ndi adzukulu.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemera kuposa koyamba, ndipo sindikufuna kukupeputsa. N'kosavuta kwa munthu wokhuta kulalikira za mtengo wa chitetezo. Kwa amene amalandira malipiro ochepa, mapaundi angapo opulumutsidwa pamwezi ndi fizi ya mwana wa mchemwali, kapena thumba la feteleza la amayi kumudzi. Amenewonso ndi anthu ofooka amene akudalira chosankha chake, ndipo njala yawo ndi yotsimikizika pamene namondwe ndi wa mwina. Kumuuza munthu wotere kuti alipire zambiri chifukwa cha ngozi imene mwina siidzabwera kungakhale kumulanda chakudya cha ena. Ndikuvomereza zonsezi, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti chodula ndiye cholungama. Foni yodula nayonso imathima router ikathima. John Wesley, pa ulaliki wake wonena za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, analimbikitsa anthu kupeza ndi kusunga mmene angathere, koma anaika malire akuti kupezako kusavulaze mnansi. Malire amenewo ndi amene ndikuwaitanira pano, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Kufunsa kampani ngati foni yake imaimba 999 sikudya ndalama. Kulembetsa adiresi yolondola, ndi kuisintha posamuka, n'kwaulere. Batire losunga router kwa kanthawi limagulidwa kamodzi. Lamulo la kampanda silinauze wosauka kuti amange nyumba ya mfumu. Linangomuuza kuti nyumba imene wakwanitsayo aimalize.

Ena amati udindowu ndi wa wogulitsa ndi wa boma, osati wa wogula. Pali choona chachikulu pamenepa. Mphunzitsi wachikhristu Thomas Aquinas, pofunsa ngati wogulitsa ayenera kuulula chilema cha katundu wake, anayankha kuti chilema chobisika chimene chingaike wogula pa ngozi chiyenera kunenedwa, ndipo wobisa amasenza mlandu wa zotsatira zake. Malamulo a malonda a Chisilamu nawonso amaletsa kubisa chilema cha chinthu chogulitsidwa. Kampani imene imalemba mtengo ndi zilembo zikuluzikulu, koma za kuthima kwa magetsi n'kuzikwirira pansi pa tsamba, yalakwa ndithu. Bungwe la Ofcom, loyang'anira mafoni ku Britain, linapereka malangizo mu 2018 oti makampani akhale ndi njira yoti munthu athe kuimba nambala yangozi kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi atathima, ndipo kwa amene amadalira foni ya m'nyumba yokha njirayo iperekedwe mwaulere. Komabe mlandu wa wogulitsa suchotsa wa wogula, popeza aliyense amadziwa zimene mnzake sakudziwa. Kampani imadziwa makina ake. Siidziwa kuti m'chipinda chakumbuyo mukugona munthu wodwala mtima, kapena kuti agogo amavala kachipangizo m'khosi kochokera ku kampani ina, pokhapokha wina wa m'nyumbamo atanena. Ufulu wa batire laulere umakhala papepala mpaka mwini nyumba atatsegula pakamwa. Akuluakulu amati walira mvula walira matope, ndipo mwambiwu umayenda bwino ngati wolira mvulayo ndi yemwe adzaponde matopewo. Pano wolira ndi wina, woponda ndi wina, ndipo amene akuwadziwa onse awiri ndi wogula yekha.

Kwatsala kutsutsa kumene kumamveka kwachikhulupiriro, kwakuti wosunga moyo ndi Mulungu, ndipo kudera nkhawa za mabatire ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Zipembedzo zimene zimaphunzitsa kudalira Mulungu sizigwirizana ndi maganizo amenewa. Uthenga Wabwino wa Mateyo umasimba kuti Yesu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ngakhale woyesayo anamukumbutsa za chitetezo cha angelo, chifukwa kutero kukanakhala kuyesa Mulungu. Asilamu amasimba za Mtumiki Muhammad kulangiza munthu kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenako adalire Mulungu. Ndipo ngakhale wina atakhala ndi ufulu woika moyo wake pa chiswe m'dzina la chikhulupiriro, alibe ufulu woika wa mnzake. Munthu wamphamvu wokhala yekha mumzinda, pamalo pamene netiweki ya foni ya m'manja ili bwino, angasankhe foni yotchipa koposa, kapena kukhala wopanda foni ya m'nyumba n'komwe, ndipo sindikuona chomudzudzula nacho. Mlandu umayamba pamene m'nyumbamo mwalowa wachiwiri amene sangadzithandize.

Ngakhale banja litachita zonsezi, ola limodzi la Ofcom ndi lalifupi poyerekeza ndi masiku amene Arwen anasiya anthu mumdima, ndipo batire la m'nyumba silingafanane ndi majenereta a malo olumikizira mafoni akale. Pamenepa chikumbumtima cha munthu mmodzi chafika pothera mphamvu zake, ndipo funso likubwerera kwa boma ndi makampani, amene ayenera kuyankha kuti nsanja za mafoni zizikhala ndi magetsi osungira a maola angati, ndiponso kuti ndalama zake alipire ndani, tsiku lotseka netiweki yakale ija lisanakwane.