Masewera akatha, chimatsala n'chiyani?

M'chaka cha 2016, masewera a pafoni otchedwa Pokémon GO anadzutsa achinyamata miyandamiyanda m'mipando yawo, nayamba kuzungulira m'misewu kusaka tizilombo tooneka pafoni pokha. Ambiri anati mankhwala a ulesi apezeka. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard sanafune kungokhulupirira. Anatenga anthu 1,182 a zaka 18 mpaka 35 ku United States, nawerenga masitepe amene mafoni awo ankasunga okha tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba, osewerawo anawonjezera masitepe pafupifupi 955 patsiku. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, phindu lonselo linali litazimiririka.

Akanasiya kuwerenga sabata yoyamba ija, akanalengeza bodza ndi manambala oona. Ife Asilamu nkhaniyi si yachilendo. Amene angawerenge anthu mumzikiti usiku wa 27 wa Ramadhan n'kupita kwawo, adzanena za ife zinthu zimene Swala ya m'bandakucha ya mwezi wa Shawwal ingatsutse. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti Allah amakonda kwambiri ntchito yopitirira, ngakhale ikhale yochepa. Choncho chida chofufuzira chimene tingachikhulupirire ndi chimene chimapirira kuwerenga mphotho zitatha.

Pali njira ina yozama, imene Susan Murphy ndi anzake anaiyesa ku Michigan pa pulogalamu ya HeartSteps. M'malo mogawa anthu kamodzi m'magulu awiri, kompyuta inkachita maere kasanu patsiku kwa munthu aliyense: atumiziridwe uthenga womulimbikitsa kuyenda, kapena asiyidwe. Potero anaona kuti uthenga umagwira mtima poyamba, kenako mphamvu yake imanka ichepa. Wina akamva za maere angaganize za njuga, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Mtumiki (SAW) mwini wake ankachita maere pakati pa akazi ake akafuna kuyenda ulendo, kuti pasakhale kukondera. Maere a wofufuza ndi a mtundu umenewo, malinga woyesedwayo wauzidwa ndipo wavomera.

Chimene chikutivuta chili kwina. Mu 2019, ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania anayesa anthu 602, ena akulimbikitsidwa ndi mnzawo, ena akugwirizana pagulu, ena akupikisana. Masewera atatha, opikisana okha ndi amene anapitirizabe kuyenda moonekeratu kuposa amene sanasewere. Tikanakonda kuti mgwirizano upambane, koma sizinatero. Qur'an imatilimbikitsa kupikisana pa zabwino, ndipo imatichenjezanso za riyaa, kuchita zabwino kuti anthu atione. Foni siitha kulekanitsa ziwirizi. Imawerenga chimodzimodzi masitepe a munthu amene akusamala thupi monga amana yochokera kwa Allah, ndi a munthu amene akungofuna dzina lake likhale pamwamba pa la mnzake.

Dokotala anganene kuti mtima wopopa magazi sufunsa niya, ndipo sakunama: shuga amatsika kwa onse awiri. Sitingamuletse m'bale wodwala shuga kugwiritsa ntchito masewera otere chifukwa choopa riyaa, monganso sitileka kupatsa mwana wa kumadrasa mphatso akaloweza Surah. Koma mphunzitsi wanzeru amadziwa tsiku loleka mphatsoyo, ndipo amamuyang'anitsitsa mwanayo sabata yotsatira, ngati adzatsegule Msahafu popanda womuuza.